Diso Limodzi ndi Makatani a Buluu

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. Ndinabwera ndi maganizo oti andipima n'kubwerera kukatsegula shopu, koma namwino atandibaya chala n'kuyang'ana kamakina kake anangofunsa kuti, "Bambo, alipo wokubweretserani zovala?" Shuga 21.6. Akuti sangakhudze diso mpaka atatsika kufika pansi pa 10.

Ndikulemba ndi cholembera chachikulu chija timalembera pamakatoni, mizere ingapo tsamba latha. Zilembo zing'onozing'ono ndinasiya kuziona kalekale. Kabukuka wandigulira ndi mwana wanga wamkazi, akuti ndizilembamo manambala a shuga m'malo molongolola ndi anamwino. Manambala ndilemba, koma zosiya kulongolola sindinalonjeze.

Ndine wokonza mafiriji, ndipo ndili ndi diso limodzi. Lamanzere linapita ndili mnyamata, waya ataduka pantchito n'kundilasa. Lamanjali ndi limene landilerera ana, ndipo tsopano lachita ng'ala. Akufuna kulicheka. Ndili ndi mantha, ndisabise.

Lachitatu, 5 Juni

Moyo wa muno: kubaya chala m'mamawa, jakisoni pamimba, tiyi wopanda shuga, kagawo ka buledi koonekera kuseri. Shuga m'mawa 17.2, madzulo 18.9.

Adokotala a maso ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandiunika ndi katochi kenako n'kukhala pansi, zomwe sindinazikonde. Dokotala akakhala pansi ndiye kuti nkhani ilipo.

"Bambo, kagalasi ka m'diso mwanu kachita chifunga. Tikachotsa n'kuikamo kena. Si ntchito yaitali ayi."

Ndinafunsa ngati ndidzaona.

"Ambiri amaona bwino. Koma kuseri kwa ng'alayi sindikutha kuonako, ndiye sindikudziwa zimene shuga wawononga kumeneko. Tidzadziwa tikachotsa."

Mawu amenewo ndimawadziwa bwino. Ndi amene ndimauza munthu akandibweretsera firiji imene ndikuikayikira.

Bedi la kumanja kwanga kuli bambo wina amene kale ankayendetsa malole. Muno amawatchula kuti a Wailesi chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amatseka nyali zikazimitsidwa. Anawacheka diso lamanzere sabata yatha, likuchita mafinya, ndipo namwino amabwera ola lililonse kudzawadontheza mankhwala. Lamanja lawo n'labwinobwino. Adokotala atangochoka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Achimwene, nanenso anandiuza kuti si ntchito yaitali." Anaseka. Ine sindinaseke.

Lachinayi, 6 Juni

Shuga 15.4. Mayi a kunyumba abwera ndi malaya, mazira owiritsa ndi kamera yanga. Kamerayo anakana kawiri konse, akuti m'chipatala sajambula. Ndinawauza kuti sindijambula anthu, akudziwa okha.

A Wailesi anafuna kudziwa ngati ndimajambula maukwati. Ayi. Ine ndimajambula buluu basi. Kamerayi anandipatsa mkamwini wanga atagula ina, ndipo miyezi yoyamba ndinkangojambula chilichonse ngati mwana wopeza choko. Tsiku lina ndikuwotcherera paipi ya firiji ndinayang'ana lawi la gasi, pakati pake penipeni, n'kuona mtundu umene ndinagwira nawo ntchito moyo wanga wonse osaupatsa moni. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse masana ndimayenda m'misewu kufuna buluu: zitseko, migolo ya madzi, ndowa zoyanika pampanda, mpando wa pulasitiki wothyoka mwendo, inki pachala cha kalaliki. Lamulo langa ndi limodzi, thambo sindijambula. Thambo ndi la aliyense, ngakhale waulesi akhoza kungoloza kamera m'mwamba. Komanso buluu safuna dzuwa la paliwombo, amafota. Amadzuka dzuwa likabisala kuseri kwa nyumba, mthunzi utagwa pakhoma.

"Ndiye amakulipirani ndani?" anafunsa a Wailesi.

"Amawalipira ndi matuza a kumapazi," anayankha mayi ndisanatsegule pakamwa.

Ndinawauza kuti ojambula onse amatsinzina diso limodzi, ine ndinabwera nditatsinzina kale. Wodi yonse inaseka. Alendo atatuluka ndinaika kamera pachifuwa n'kuyamba kuganiza kuti mwina chithunzi changa chomaliza ndinajambula kale osadziwa, ndipo ndi chitseko cha chimbudzi cha pasiteshoni ya mabasi.

Lachisanu, 7 Juni

Shuga 13.1. Awonjezera jakisoni wa madzulo.

Ananditengera kuchipinda chopimira. Anandidontheza mankhwala othetsa ululu, n'kugunditsa kachitsulo padiso penipeni kuti ayeze kukula kwa kagalasi katsopano. Sizinapweteke. Akuti shuga akapitiriza kutsika, opaleshoni ndi Lachiwiri.

Namwino wabweretsa pepala loti ndisaine. Mwana wanga anandiwerengera. Lalemba zonse zimene zingachitike, ndipo mzere wina ukuti diso likhoza kusiya kuoneratu. Ndinati ndisaina mawa. Namwino anati palibe wondikakamiza.

Maganizo anga ndi awa. Panopa ndimaona ngati munthu wosuzumira m'botolo la mafuta ophikira, koma ndimaona. Msewu ndimawoloka, sikulu ya pafiriji ndimamasula, buluu wanga ndimamupeza. Munthu wa maso awiri akataya limodzi amadandaula, wa limodzi akataya amatsogozedwa ndi ndodo.

Masana anthu akupuma ndinayesa. Ndinatseka diso ndi dzanja n'kunyamuka kupita kuchimbudzi. Ndisanapitirire bedi la a Wailesi ndinagunda chitsulo cha dilipi cha mkulu wina, botolo n'kuyamba kulendewera. Ndinapepesa, ndinati chizungulire. Ndinabwerera pabedi thukuta lili kamukamu, ndipo chimbudzicho ndinachita kuiwala.

Loweruka, 8 Juni

Shuga 11.8. Sindinasaine.

Lero ndilemba zambiri.

M'mawa ndinati nditulutse kamera ndipeze kabuluu kamodzi muno kuti mtima ukhale pansi. Ndinayang'ana makoma, mabedi, makabati, mathireyi a mankhwala. Ndinafika mpaka pakhonde. Palibe. Zonse zotuwa, zina zobiriwira mwauve ngati madzi otsukira mbale. Ndinabwerera nditakwiya n'kuyamba kunyoza amene anamanga chipatalachi, kuti munthu wake analibe mtima, nyumba yonseyi osaikamo ngakhale kadontho ka buluu koti wodwala apumitsirepo diso.

A Wailesi anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Achimwene, mukunena zoona kapena mukucheza?"

Ndinati ndikucheza ndi ndani.

"Makatani awa otchinga mabediwa mukuwaona amtundu wanji?"

"Otuwa."

"Nanga bulangete mwafunda kumiyendolo?"

"Lakuda, lothimbirira."

"Nanga yunifolomu ya asisita amakubayani m'mawa uliwonse aja?"

Anayankhula motsitsa, osaseka n'komwe. "Zonsezo ndi buluu, achimwene. Makatani, mabulangete, asisita, ngakhale kapu mukumwera madziyo. Chibwerereni mukugona m'kati mwa buluu."

Ndinakokera katani pafupi mpaka kukhudza mphuno. Ndinaitengera pawindo. Yotuwa basi.

Mayi atabwera masana ndinawafunsa mtundu wa makatani ndisanawapatse n'moni womwe. Anati buluu, nanga n'chiyani. Pamenepo ndinakumbukira mayi wa pasitudiyo amene amanditsukira zithunzi. Zaka ziwiri zapitazi takhala tikukangana. Ndinkamuuza kuti makina ake atha, zithunzi zikutuluka zofooka, awonjezere buluu. Ankawonjezera. Ndinkati awonjezerenso. Ndinafika pomuuza kuti sadziwa ntchito, anthu ali pamzere akumva.

Ndinafunsa mayi kuti zithunzi zimene ndapachika pabalaza zimaoneka bwanji. Anayamba kukonza pilo amene anali wokonza kale.

"Nenani."

"Zakalezo n'zokongola, bambo."

"Zatsopanozo?"

"Zimalasa m'maso. Chija munajambula ndowa mdzukulu wanu ataima pambali, mwanayo akuoneka ngati wamwa inki. Alendo amafunsa ngati anali kudwala."

"Ndiye inu nonse chete?"

"Tikanakuuzani mukanamva? Mayi wa pasitudiyo anayesa, munamutani?"

Ndinawauza kuti azipita. Sanapite, anakhala mpaka belu la alendo linalira.

Ndiye kuti ndakhala ndikuyenda m'misewu kufuna zitseko zimene ndinkazidziwa kale kuti ndi za buluu, n'kumazijambula ndi chikumbumtima. Zatsopano ndakhala ndikuzidutsa. Chinthu chimene ndikukana kusaina kuti ndichiteteze chinachoka kale m'nyumba, ine ndikulondera chitseko.

Lamulungu, 9 Juni

Shuga 10.9. Sindinadye bwino. Lero ndi tsiku langa loyenda. Kamera ndaibweza m'kabati.

Ndinafunsa adokotala amene ali pantchito lero ngati ng'ala imadya mitundu. Anati inde, kagalasi kakamakalamba kamachita chikasu, ndipo buluu ndi amene amayamba kubisika. Ndinafunsa ngati amabwerera. Anati ngati kuseri kuli bwino. Aliyense muno ali ndi ngati wake.

Ndayesa kukumbukira buluu nditatseka diso. Dzina ndikulidziwa, zitseko ndikuzidziwa, koma mtunduwo sukubwera. Zimenezi zandiopsa kuposa mpeni.

Lolemba, 10 Juni

Shuga 8.7. Namwino anawomba m'manja pang'ono, ine mtima unagunda ngati ndamva dzina langa kukhoti.

M'mawa adokotala anatchinga makatani pabedi la a Wailesi n'kuyankhula nawo nthawi yaitali. Makatani satchinga mawu. Mafinya atha, koma diso lija silidzaonanso. Atachoka, a Wailesi anapempha madzi, n'kukhala chete mpaka masana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo kwa ine mawa lake ndi mawa lenileni.

Masana ndinawafunsa ngati akudandaula kuti anasaina.

"Ndikudandaula, nanga ndiname? Koma ine ndinali ndi lina losungira. Inu mulibe, ndiye sindingakuuzeni kuti chitani chakuti. Chimene ndaona n'chakuti chaka chamawa simudzafunsa za makatani, mudzafunsa kumene kuli khomo."

Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale kutsina kwake kumawawa. Mwana wanga atabwera ndinamuuza kuti aitane namwino. Anaika chala chake pamzere, ine n'kusaina pamwamba pa chalacho. Dzina langa linatuluka lokhota ngati la munthu wina.

Malangizo a mawa: kusamba kumaso ndi sopo, kadzutsa wopepuka, jakisoni theka, mankhwala okulitsa mwana wa diso katatu ndisanalowe. Sandigonetsa tulo, angobaya pambali pa diso. Akamaliza amata diso mpaka m'mawa mwake. Anthu ena amabwerera kuwodi akuyenda okha ndi diso linalo. Ine ndidzabwerera mumdima.

Ndawapempha mayi kuti mawa alembe ndi iwo. Ndayang'ana chilichonse muno kawirikawiri, ngakhale zonyansa, ngati munthu wokoka madzi mpopi usanatseke.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndikulemba ndine mkazi wawo. Akuti ndilembe zimene akunena zokha, ndisawonjezere zanga.

Akuti shuga 8.2. Analowa kufiyeta m'mawa, anatuluka tiyi wa alendo asanazizire. Jakisoni wa pambali pa diso anawawa, zinazo ayi. Anawafunditsa nsalu kumaso. Ankamva adokotala akupempha zitsulo ndi kamakina kakulira ngati firiji yofuna gasi. Ankaona kuwala kukuyendayenda, kenako kunazima, ndipo pamenepo akuti anafuna kudzuka koma namwino anawagwira dzanja. Adokotala akuti kagalasi kalowa bwino. Za kuseri sananene.

Akuti mdima si wakuda ngati mmene ankaganizira, ulibe mtundu uliwonse. Akuti akuopa.

Tsopano zanga, adzakwiya akadzawerenga, ndipo ndikupempha Mulungu kuti adzawerenge n'kukwiya. Bambowa chikwatiranireni sanandigwirepo dzanja pagulu, amati n'zachibwana. Lero andigwira kuyambira pakhomo la fiyeta, moti ndikulemba kabuku kali pabondo, dzanja limodzi lili kwa iwo. Ndawadyetsa ndi sipuni. Anayamba kukana, kenako anatsegula pakamwa. A Wailesi akuwafotokozera zonse zochitika m'wodi, amene walowa, amene watuluka, mpaka mtundu wa nsapato za alendo. Lero lokha palibe amene wawauza kuti achepetse.

Lachitatu, 12 Juni

Ndine ndemwe, mkazi wawo. Amasula bandeji m'mawa. Bambo anatsegula diso, n'kuphethira, n'kufunsa kuti, "Mwachotsa?" Adokotala anati achotsa. Bambo anati akungoona zoyera ngati ali m'kati mwa mkaka. Adokotala anagwedeza dzanja patsogolo pawo, anati akuona chinthu chikudutsa. Zala sanathe kuwerenga.

Adokotala akuti khungu loonekera la pamwamba pa diso latupa chifukwa ng'ala inali youma, inavuta kuswa. Akuti nthawi zambiri limaphwa pamasiku ochepa. Apereka mankhwala a mitundu iwiri, wina wodontheza maola awiri aliwonse, wina kanayi patsiku. Asatikite diso, asawerame, asanyamule kanthu. Shuga 9.4.

Bambo sanalongolole tsiku lonse, ndipo zimenezo ndi zimene zandiopsa ine. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati nkhonoyo ili ndi awiri. Kenako anandifunsa ngati shopu tingaibwereketse kwa mkamwini, ndiponso ngati masitepe a pakhomo pathu angaikidwe chogwirira. Ndinati tikambirana kunyumba. Ndinatuluka pakhonde kuti asandimve.

Lachinayi, 13 Juni

Ndalanda cholembera. Ndikulemba mongoyerekeza, mizere ikhoza kukwerana.

Mkaka wayamba kusungunuka. Mitundu yabwera, nkhope sizinabwere. Anthu ndi zipilala zoyenda. Koma namwino atakoka makatani m'mawa ndinachita kubweza mutu. Buluu wake ngati wandimenya mbama. Ali paliponse, pamiyendo panga, pamabedi onse, mpaka makoma oyera akuoneka ngati awasambitsa nawo. Adokotala akuti zimatero masiku oyamba, diso linazolowera chikasu.

Ndinalira, ndipo namwino anandikalipira kuti ndikutsuka mankhwala. Anadonthezanso.

Mantha sanathe. Kuseri sanaoneko. Shuga 8.8.

Lachisanu, 14 Juni

Shuga 7.9. Ndadzuka ndikuona ming'alu ya kudenga. Ndawerenga dzina la mankhwala pabotolo, zilembo zazikulu zokha, koma ndawerenga. Ndawerenganso zimene analemba mayi Lachiwiri. Ndakwiya pang'ono, monga anapempha.

A Wailesi atuluka lero. Ndinawaona nkhope koyamba, ndi munthu wamng'ono thupi, wa dazi, pomwe ine ndinkaganiza kuti ndi chimphona chifukwa cha mawu. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Tsopano tafanana, achimwene, limodzi limodzi. Muzisamala lanulo."

Adokotala anandiika pamakina n'kuyang'ana kuseri nthawi yaitali, ine mpweya nditaugwira. Akuti shuga wadyako, pali timadontho ta magazi m'mbali, koma pakati pamene timaonera pali bwino. Ndizibwera kudzapimitsa, mwina adzafunika kuwotcha timitsempha tina ndi kuwala. Ndinafunsa kuti diso lidzakhala zaka zingati. Anati zimenezo zili m'manja mwa shuga ndi mwa ine. Sanakhale pansi, ananena ali chiimire. Mawa ndikutuluka.

Nthawi ya alendo ndinakhala tsonga kuyang'ana pakhomo. Analowa anthu ambiri. Pakati pawo panali mayi wina wachikulire, woonda, imvi zili mbuu m'mbali mwa duku, akuyenda mokokera mwendo umodzi, jumbo ili m'manja. Ndinamumvera chisoni, ndinati kaya akudzaona ndani. Anabwera molunjika n'kuika jumbo pakabati yanga.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mwandiyang'ana chotere bwanji?"

Mawu ndi omwe aja. Chifunga chija chinkandisungira nkhope yawo yakale, ndipo ine ndinkangoikhulupirira. Makwinya a pamphumi sindikuwadziwa. Mwendowo sindikudziwa unayamba liti, sanandiuzepo, kapena anandiuza ine maganizo ali kuzitseko. Padzanja lamanja pali chipsera cha moto chachikulu, chopola kalekale.

Ndinafunsa kuti, "Mayi, mwakalamba liti?"

Anaseka, n'kukhala pampando mosamala bondo. "Nthawi imene inu munkajambula zitseko za eni ake."

Anatulutsa lalanje n'kuyamba kusenda, akundiuza za mkamwini ndi makasitomala amene akufunsa mafiriji awo. Sindinamve zambiri. Anandifunsa ngati akanditulutsire kamera m'kabati, poti buluu wabwerera. Ndinati ayi, akhale pomwepo, asasunthe. Anati ndiwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndawayang'ana mpaka belu linalira, ndipo atanyamuka ndawaperekeza ndi diso mpaka pakhomo, akukokera mwendo uja pang'onopang'ono.